Kabokosi kosunga mafayilo a banja lonse: momwe tinapumitsira kompyuta yodya mayuniti

3 Ogasiti 2024

Mayuniti akhala akutha msanga pakhomo pano, ndipo kwa miyezi ingapo takhala tikuloza chala firiji ndi ayironi. Lero ndinati ndiyeze ndithu m'malo mongoganizira. Pa mita yathu pali kanyali kofiira kamene kamaphethira, ndipo pambali pake palembedwa 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kakaphethira ka 1000, yuniti imodzi yapita. Ndinazimitsa chilichonse m'nyumba, ndi firiji yomwe, n'kusiya kompyuta yaikulu ya pabalaza yokha, sikirini yake ili chizimire, popanda woigwira. Ndinakoka mpando, foni m'manja, n'kuyamba kuwerenga. Kanyali kankaphethira pa masekondi 50 aliwonse. Mukagawa 3600, masekondi a mu ola limodzi, ndi 50 mupeza mawati 72.

Mawati 72 usana ndi usiku ndi mayuniti pafupifupi 52 pa mwezi. Ife timagwiritsa ntchito mayuniti cha m'ma 210, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi limathera pa chinthu chimene nthawi zambiri chimangolira fani pakona.

Sitiizimitsa chifukwa zonse zili m'menemo. Ine Loweruka ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo zithunzi za makasitomala za zaka zisanu ndi chimodzi zili mu disiki yake. Mayi a kunyumba ndi aphunzitsi, masikimu ndi mayeso awo amasunga momwemo n'kumatenga pa laputopu kudzera pa Wi-Fi, nthawi zina 4 koloko m'mawa. Ana amaonera makatuni awo pa TV kuchokera momwemo. Ukaizimitsa, sipatha ola wina asanafunse kuti yazimiranji.

Cholinga changa: mafayilo achoke mu kompyutayi apite m'kachipangizo kakang'ono kodya magetsi ochepa, kolumikizidwa ku rauta, kamene aliyense m'nyumba angakafikire. Odziwa amati NAS. Kompyuta yaikulu iziyaka pokhapokha ndikamakonza zithunzi.

24 Ogasiti

Katundu wafika. Alamu anga aku Johannesburg anandipezera Raspberry Pi 4 (kakompyuta kakang'ono ngati kabokosi) ya 4GB yogwirapo kale ntchito, ndi kachikuto kake kapulasitiki, pa R900, n'kupatsira munthu wobwera pa basi. Ndinasankha iyi chifukwa ili ndi madoko awiri a USB 3.0 ndi doko la waya wa netiweki la liwiro la gigabit yathunthu (1000Mbps), zimene za m'mbuyo mwake zinalibe. Kuno ku Lilongwe ndagula disiki yapanja ya 2TB, yaing'ono ija yosafuna pulagi yakeyake, K165,000, ndi memori khadi ya 32GB, K12,000. Chaja ndinati ndigwiritsa ya foni imene ili kale m'nyumba.

Mphwanga, mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira za makompyuta ndiye anandithandiza kuika mapulogalamu. Tinalemba Raspberry Pi OS Lite pa khadi, kenako OpenMediaVault 7, pulogalamu yosandutsa kabokosi kukhala NAS, pamwamba pake. Zinatenga pafupifupi ola ndi bandulo ya 1GB yosatha yonse. Ikatha kulowa, zonse umazichita pa burawuza ya laputopu, kabokosiko sikafuna sikirini kapena kiyibodi.

25 Ogasiti

Vuto loyamba labwera tsiku loyamba lomwe. Ndikalumikiza disiki, imayamba kuzungulira, kenako "tki, tki, tki", n'kusiya, n'kuyambiranso. Pa tsamba la OpenMediaVault imaoneka, mphindi ziwiri yasowa. Mtima unandipweteka poganiza kuti K165,000 yapita m'madzi, koma nditaiika pa laputopu inagwira bwinobwino.

Mphwanga anangoyang'ana kanyali kofiira ka pa kabokosi n'kunena kuti, "Amalume, kakuzimazima aka. Magetsi sakukwana." Analemba lamulo lakuti vcgencmd get_throttled, yankho linabwera 0x50005, limene limasonyeza kuti mphamvu yatsika. Kabokosika kamafuna 5V ndi 3A, pamene chaja ya foni ija inalembedwa 2A, ndipo ndikukayika ngati imafikako n'komwe. Chinanso chimene sindinkadziwa n'chakuti madoko onse anayi a USB pamodzi amangopereka pafupifupi 1.2A, ndipo disiki ikamadzuka imakoka pafupi ndi pamenepo.

Ndagula chaja yeniyeni ya 3A, K20,000, ndi USB hub (kochulukitsira madoko a USB) yokhala ndi pulagi yakeyake, K28,000, kuti disiki izidya kwayokha. Kulira kuja kwatha, ndipo lamulo lija tsopano likuyankha 0x0. Amene mukufuna kuyesa, chaja musaipeputse. Disiki yodukizidwadukizidwa magetsi ikulemba ndiyo imawononga mafayilo mwakachetechete.

31 Ogasiti

Kusamutsa mafayilo. Onse pamodzi ndi 640GB. Ndinayamba kukopera 7 koloko m'mawa, ndipo Windows inandiuza kuti itenga maola oposa 16. Liwiro linakakamira pa 11MB pa sekondi, osakwera osatsika. Nambala imeneyi ndiyo inaulula wolakwa: madoko a waya a rauta yathu ya 4G ndi a 100Mbps, ndipo pamenepo ndiye mapeto ake. Kabokosi ndi kompyuta zonse zimatha gigabit, koma zimadutsira pa kamlatho kopapatiza.

Ndinaimitsa, n'kupita kutawuni kukagula switch (kolumikizira zipangizo pa netiweki ya waya) ya madoko asanu ya gigabit, K45,000, ndi waya wa Cat6 mamita 15, K15,000 ndi mitu yomwe. Kompyuta, kabokosi ndi TV zonse zalowa mu switch, ndipo waya mmodzi wokha ndiye ukupita ku rauta. Liwiro linakwera kufika cha m'ma 40MB, komabe losakhutiritsa. Apa tinapeza kuti disiki inabwera ndi NTFS, njira ya Windows yosanjira mafayilo, imene kabokosika kamavutika nayo. Popeza munali musanalowe zambiri, tinaifufuta n'kuikonza ndi ext4, njira imene kabokosika kamagwirizana nayo. Mafayilo aakulu anayamba kuyenda pa 95MB mpaka 100MB pa sekondi, zithunzi zing'onozing'ono n'kumatsikako. Pofika 6 koloko madzulo zonse zinali zitalowa.

Dziwani kuti disiki ya ext4 simungaizule n'kukaibaya pa kompyuta ya Windows kuti iwerenge mosavuta. Ine ndavomera zimenezo chifukwa iyi siyoyenda nayo.

Ndapanga mafoda anayi: Ntchito, Sukulu, Ana, Zabanja. Aliyense ali ndi dzina ndi pasiwedi yake. Foda ya Ntchito ndimalowamo ndekha, ya Sukulu mayi a kunyumba okha, chifukwa mumakhala mayeso amene ana asukulu sanalembe. Ana angathe kuonera za m'foda yawo koma sangafufute.

Usiku umenewu ndinazimitsa kompyuta yaikulu koyamba patapita nthawi yaitali. Pabalaza panati zii, mpaka mayi a kunyumba anafunsa ngati magetsi azima.

7 Sepitembala

Mnzanga wina wokonza mafiriji wandibwereka kachipangizo koyezera mawati kamene umabaya pa soketi. Kuwerenga kanyali ka mita sikungathandize pa zinthu zazing'ono chonchi, ungakhale pampando mphindi zisanu ndi ziwiri kudikira kuphethira kumodzi. Kabokosi pakokha kakudya mawati 3. Disiki ndi hub zikuwonjezera 3 ikamazungulira. Switch 2. Zonse pamodzi 8, ndipo zikamakopera zinthu zolemera zimafika 11.

Kuchoka pa 72 kufika pa 8 n'kosangalatsa kale, koma ndaona kuti disiki sikugona. Ngakhale 2 koloko usiku, ukaikhudza umamva ikunjenjemera.

14 mpaka 21 Sepitembala

Sabata yonseyi yathera pa kugonetsa disiki, ndipo apa ndi pamene ndinasowa mtengo wogwira kwa masiku angapo.

Mu OpenMediaVault muli malo oika nthawi yoti disiki igone ikakhala chete. Ndinaika mphindi 20. Palibe chinachitika. Ndinayesa 10, chimodzimodzi. Chifukwa chake ndi chakuti lamulo limenelo limatumizidwa kudzera pa pulogalamu ya hdparm, ndipo timabokosi tina ta USB ta madisiki apanja sitilipititsa kwa disiki imene ili mkati. Mankhwala ake ndi kapulogalamu kena kotchedwa hd-idle, kamene kamayang'anira kokha ngati disiki ikugwira ntchito, n'kuiuza kuti igone m'chinenero chimene kabokosi ka USB ka disikiyo kamamva. Titaika, disiki inagona ndithu pa mphindi 20.

Koma inkadzukanso yokha pa theka la ola lililonse. Ndinakhala nayo pafupi usiku wina ndi kope, kulemba nthawi imene yadzuka: 9:10, 9:40, 10:10. Chinthu chosaphonya nthawi chonchi si munthu ayi. Anali mapulogalamu a SMART, oyeza thanzi la disiki, amene amaifunsa pa masekondi 1800 aliwonse. Pali posankha kuti asaifunse ikagona. Titasintha pamenepo, kudzuka kwa theka la ola kunatha.

Kunatsala kudzuka kwa apo ndi apo. Uku kunachokera kuwiri: laputopu ya mayi a kunyumba imene inkalumikiza foda ya Sukulu ikangoyaka, ndi MiniDLNA, pulogalamu yotumiza makanema ku TV, imene kaundula wake ndinali nditamuika pa disiki yomweyo. Kaundulayo tamusamutsira pa memori khadi. Za laputopu ndazisiya, chifukwa akayatsa ndiye kuti akufuna kugwira ntchito.

Phindu la sabata yonseyi pa magetsi ndi mawati awiri okha, yuniti imodzi ndi theka pa mwezi. Ndikanadziwa, sindikanataya tulo chifukwa cha mayuniti. Chimene ndakondwera nacho ndi chakuti disiki ikupuma maola ambiri ndipo sikutentha. Musaike nthawi yaifupi kwambiri ngati mphindi zisanu, chifukwa kudzuka ndi kugona pafupipafupi nakonso kumaitopetsa. Komanso auzeni a m'nyumba kuti foda ikachedwa kutseguka masekondi asanu kapena asanu ndi awiri, si kuti yawonongeka, ikudzuka.

5 Okutobala

Chimene ndinkaopa chachitika. Lachinayi magetsi anazima katatu, ndipo ulendo wachitatu anabwera, n'kuzima, n'kubweranso pasanathe mphindi. Kabokosi sikanadzukenso. Kanyali kofiira kali chiyakire, kobiriwira kakungophethira, pa netiweki palibe. Mayi a kunyumba anali ndi mayeso oti akasindikize Lachisanu m'mawa. Anangoti, "Bambo, ija yakale inkabwerera yokha." Ananena zoona, ndipo ndinalibe choyankha. Mwamwayi mafayilo akale ndinali ndisanafufute mu kompyuta yaikulu, koma zimene analemba sabata imeneyo zinali m'kabokosi mokha. Mphwanga anabwera 9 koloko usiku ndi fulashi ya Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene imawerenga ext4, tinabaya disiki pa laputopu n'kutulutsa mayesowo. Disiki inali bwinobwino. Chinawonongeka ndi memori khadi, imene inadukizidwa ikulemba.

Ndagula khadi lina, la mtundu wopirira umene amaika m'makamera a chitetezo, K18,000, ndipo taikanso zonse kuyambira pachiyambi. Maola atatu. Ulendo uno, titangomaliza, ndakopera khadi lonse kukhala fayilo imodzi n'kuisunga pa laputopu, kuti likadzafanso ndidzangolemba pa lina m'mphindi khumi. Taikanso flashmemory, yowonjezera ya OpenMediaVault imene imachepetsa kulembalemba pa khadi.

Pamene ndinkapanga bajeti mu Ogasiti, batire ndinaliika pa zinthu zodzagula m'tsogolo. Kumeneko kunali kulakwitsa. Kwathu kuno batire liyenera kugulidwa tsiku limodzi ndi kabokosi.

12 Okutobala

Ndagula mini UPS, timabokosi ta batire tija anthu amaika pa rauta, K75,000. Kali ndi potulukira 12V, 9V ndi USB ya 5V. Ndinabaya kabokosi pa USB ija, 0x50005 n'kubwereranso, chifukwa imangopereka 2A. Ndinabwerera kwa ogulitsa zida zamagetsi n'kugula kotsitsira mphamvu kuchoka pa 12V kufika pa 5V, ka 5A, K14,000. Kameneka kakudyetsa kabokosi ndi hub yomwe. Ndisanalumikize kalikonse ndinayeza ndi mita, kanaonetsa 5.1V. Musadumphe kuyezaku, chifukwa 12V ikalowa molunjika, kabokosi kapsa pomwepo.

Ndinazula pulagi kuti ndione: batire linasunga kabokosi ndi disiki maola atatu ndi mphindi 40. Kuzima kwina kumaposa pamenepo, ndiye pakufunika kuti kazizima kokha mwaulemu batire lisanathe. Koma kadziwa bwanji kuti magetsi apita, poti UPS yotchipayi silankhula nako?

Nzeru inachokera kwa mphwanga. Rauta taisiya pa soketi ya khoma, osati pa batire. Kabokosi kamaigogoda pa mphindi iliyonse. Rauta ikapanda kuyankha kwa mphindi 15 zotsatizana, kamadziwa kuti magetsi kulibe, n'kutseka mafayilo onse, n'kuzima. Ndi mizere khumi yokha ya malamulo, ndipo yagwira ulendo woyamba.

13 Okutobala

Yagwira, koma yabala lina. Magetsi atabwera, kabokosi kanakhalabe chizimire. Kamadzuka kokha mphamvu ikachoka n'kubwerera, koma batire linali likukapatsabe mphamvu nthawi yonseyo, ndiye kwa iko palibe chinasintha. Pankafunika kuzula waya n'kubwezeretsa, zimene sindikufuna kuti ana azichita.

Pa Raspberry Pi 4, ukagunditsa pini 5 ndi pini 6 kali kozima, kamadzuka. Ndagula batani la belu la pakhomo, K2,500, ndalumikiza ndi timawaya tiwiri ku mapini amenewo, n'kulikhomera m'mbali mwa shelefu. Pansi pake ndamata pepala: "Magetsi akabwera, dinani kamodzi." Mwana wathu wamng'ono, wa zaka zisanu ndi ziwiri, watenga ntchitoyi kukhala yake. Akangomva firiji yalira amathamangira ku batani.

26 Okutobala

Kutentha kwa mwezi uno kwafika m'kabati. Zonse ndinaziika m'kabati ya pansi pa TV, chitseko chotseka, kuopa fumbi ndi manja a ana. Masana ano makanema anayamba kudukaduka, ndipo nditayang'ana kutentha kwa kabokosi kanali pa madigiri 82. Kakadutsa 80 kamadzichepetsa liwiro kuti kasapse. Disiki inali pa 51.

Nditatsegula chikuto ndinapezamo nyerere, mzere wake kuchokera kuseri kwa kabati, zitayamba kale kutuutira mazira pakona pofunda pafupi ndi doko la netiweki. Ndinazimitsa, n'kuzichotsa ndi burashi youma ya penti. Musapopere mankhwala ophera tizilombo pa zipangizo. Ine ndinapaka kunja, m'miyendo ya kabati ndi pamene waya amalowera.

Ndachotsa thabwa lopyapyala la kumbuyo kwa kabati, ndavula chivindikiro cha chikuto, ndamata kachitsulo kochotsa kutentha, ndi kafani ka 5V kamene mphwanga anali nako m'katoni mwake. Sindinalipire kanthu. Tsopano masana kakumakhala pa 55 mpaka 58, disiki pa 41. Kafani kakudya osafika wati imodzi. Batire ndalichotsa m'kabati n'kuliika poyera, chifukwa mabatire a lithium sagwirizana ndi kutentha.

9 Novembala

Nkhani ya kope lachiwiri yakhala ikundisowetsa mtendere kuyambira usiku wa mayeso uja. Zithunzi za ukwati wa munthu sungazijambulenso. Disiki imodzi, kaya ndi yatsopano bwanji, ndi dzira limodzi m'thumba.

Sindinagule ina. Disiki ya mu kompyuta yaikulu ndi ya 1TB ndipo ikadali yamoyo. Popeza ndimayatsa kompyutayo Lamlungu masana kukonza zithunzi za dzulo lake, ndaika FreeFileSync, pulogalamu yokopera mafayilo, kuti izikoka zonse zatsopano za m'mafoda a Ntchito, Sukulu ndi Zabanja. Makatuni a ana sindikopera. Ndasankha kuti zimene zafufutidwa m'kabokosi zisamafufutidwe nthawi yomweyo ku kope lachiwiri, zizipita mu foda ina n'kukhalamo, kuti wina akafufuta mwangozi tizitha kubweza. Ulendo uliwonse zimatenga mphindi 10 kapena 15.

Zonse ziwiri zili m'nyumba imodzi, ndipo ndikudziwa kuti akuba kapena moto sizingasankhe. Zimenezo ndazilemba pa zotsala.

Pali phindu lina limene sindinaliwerengere. Kale zithunzi za pafoni tinkatumizirana pa WhatsApp tili m'nyumba imodzi, bandulo n'kumapita, zithunzi n'kumafika zofinyidwa. Tsopano mafoni onse ali ndi pulogalamu yotsegulira mafoda a pa netiweki, ndipo zonse zimayenda pa Wi-Fi ya m'nyumba, ngakhale bandulo itatheratu.

23 Novembala

Mvula yoyamba yamphamvu, ndi ziphaliwali zake. Ndinazula mapulagi onse pakhoma. Kabokosi kanatsala pa batire, kanadikira mphindi zake 15 n'kuzima mwadongosolo. Mvula itakata tinabwezeretsa, mwana n'kudina batani. Palibe chinawonongeka. Ndawonjezera adaputala yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, K22,000, koma kukagunda mabingu ndizizulabe.

7 Disembala

Ndakhala ndikulemba nambala ya pa mita tsiku loyamba la mwezi uliwonse, pamodzi ndi mayuniti ogula. Julayi tinagwiritsa 212, Ogasiti 208. Sepitembala 171, Okutobala 183, Novembala 176. Okutobala wakwera chifukwa cha fani yogonera ndi firiji imene imalimbana ndi kutentha. Ndikayerekeza mwachilungamo, tikupulumutsa mayuniti pakati pa 30 ndi 38 pa mwezi, osati 52 ya tsiku loyamba ija. Zifukwa zake n'zoonekeratu: kompyuta yaikulu ndimaiyatsabe maola angapo pokonza zithunzi, maola amene magetsi kulibe nayonso sinkadya kanthu, ndipo zatsopanozi pamodzi ndi kutchaja batire zikudya mawati 8 kapena 9, mayuniti 6 pa mwezi.

Ndalama zimene zalowa: K416,500 kuno, kuphatikizapo khadi limene linafa ndi chaja imene tsopano yangokhala yosungira, ndi R900 ya alamu. Ndikachulukitsa mayuniti opulumukawo ndi mtengo umene ndimagulira, ndalamazi zibwerera patapita zaka zoposa zisanu. Ndiye amene akufuna kuchita izi chifukwa cha bilu yokha, awerenge kaye. Kwa ine zandikomera chifukwa disiki yatsopano ija ndi batire ndinkazifuna kale, kaya ndi kabokosi kaya popanda.

Mnzanga wa mafiriji uja atabwera kudzatenga choyezera chake anafunsa ngati naye angapange. Ali ndi laputopu yakale yosweka sikirini, batire lake likusungabe ola limodzi. Tinaiyeza pomwepo chivindikiro chili chotseka: mawati 11. Imeneyo ili kale ndi batire, fani, doko la netiweki ndi malo a disiki mkati. Safunika hub, kotsitsira mphamvu, ngakhale memori khadi, ndipo OpenMediaVault imalowa pa makompyuta otere mwachindunji. Kusiyana kwa mawati atatu ndi zanga ndi mayuniti awiri pa mwezi. Ndamuuza kuti asagule kalikonse kupatula waya, ndipo tapangana kuti tiiyambe Loweruka likubwerali.

Kwanga kwatsala ziwiri. Kugula disiki ina yaing'ono yoti izikhala kwa achemwali anga ku Area 25, ndizikaisinthitsa kamodzi pa mwezi. Ndi kuyezanso batire mu Janyuwale, chifukwa sabata yatha linasunga maola atatu ndi mphindi 10, kutsika ndi theka la ola kuchokera mu Okutobala.